Kaundula wa gulu lathu: zolemba za mlembi, Novembala mpaka Juni

Ndine mlembi wa kagulu ka anthu ongodzipereka kuno ku Mulanje. Timayendera mabanja amene ali ndi wodwala matenda a mitsempha, minofu ndi ubongo, aja osaonekaoneka, oti wachipatala atha kugwira ntchito mpaka kupuma atangokumana nawo kamodzi kapena kawiri. M'komiti tilimo asanu ndipo palibe amene amalandira kanthu. Atatu tili ndi wodwala pakhomo, mmodzi anadwalapo yekha, winayo ndi nesi wopuma ntchito. Izi ndinkalemba kumasamba akumapeto a buku la maminitsi. Anzanga avomera kuti ndiziike poyera, bola maina ndichotsemo.

Novembala 2024

Tagwirizana ntchito imodzi yokha: kulemba kaundula wa odwala onse amene timawadziwa, Juni asanathe. Zikumveka zochepa. Koma gulu layenda zaka zinayi lopanda buku lotere, chifukwa kaundula wathu anali amayi a tcheya. Iwo ndiwo anayambitsa gululi, ndipo zonse zili m'mutu mwawo ndi m'kafoni kawo ka mabatani komanga ndi mphira. Amadziwa kuti mtsikana wakuti amakhala kuseri kwa munda wa tiyi wakuti, ukangodutsa mjigo wowonongeka. Amadziwa kuti bambo wakuti amatsamwa akamwa madzi koma phala amameza bwinobwino, komanso wakabaza amene amavomera kumangiriridwa wodwala kumsana ndi chitenje osakweza mtengo.

Chatidzidzimutsa ndi cha mwezi watha. Amayiwa anakagonera mwana wawo kuchipatala masabata atatu, foni ili yothima. Banja lina la ku Limbuli linaimba mpaka kutopa. Enafe sitinkadziwa n'komwe kuti kuli banja limenelo.

Nkhaniyi itabwera pamsonkhano, a tcheya anaseka, koma kuseka kwa m'mano. "Ngati mukufuna mpandowu ingonenani, ana inu." A nesi ndiwo anayankha: "Mpando ndi wanu, achemwali. Koma tsiku limene inu mwagona, gulu lisagone nanu."

Ine ndinagwira ukalaliki ku esiteti zaka 22, kulemba makilo a tiyi, ndiye kujambula mizere sikundivuta. Ndaika mudzi ndi mfumu yake, njira yofikira pakhomo, zaka za wodwala, chaka chimene anayamba, mankhwala amene akumwa, womusamalira ndi foni yapafupi. A nesi aumirira chinthu chimodzi: pamzere wa dzina la matenda tizingokopera zimene adokotala analemba m'buku la kuchipatala. Pamene sanalembe, pakhale popanda kanthu. Ife sitiyeza matenda, ngakhale titaona ngati tawazindikira.

Disembala 2024

Matope, mafuta kusowa, akabaza kukweza mtengo. A tcheya anatchula mabanja 23 pamtima, ine ndikulemba. Tafikako 9 okha.

Mwa 9 amenewo, 4 okha ndi amene ali ndi dzina la matenda lolembedwa. Awiri a cha ku Muloza mabuku awo anapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu Malichi 2023. Mayi wina akuti anagulitsa mbuzi, n'kupita ku Blantyre katatu kuti akamve dzina limenelo, ndipo lero chimene akukumbukira n'choti linali lalitali. Kuyambira pano tizijambula masamba ofunika pa foni ya asungichuma, eni ake akalola.

Bambo wina wakana kulembedwa. Akuti abwera kale ambiri ndi mabuku awo, kulemba maina, kujambula mwana ali pamphasa, n'kupita osadzaonekanso. "Maina athu mukadyere ku Lilongwe?" Sindinamutsutse. Ndamusiyira mzere wopanda kanthu, nambala 7.

Januwale 2025

Apa ndilemba motalika, chifukwa wolakwitsa ndine.

Tinapita atatu kumudzi wina cha ku Nkando, ine, a tcheya ndi akalipentala, kukayeza kampando ka mnyamata wa zaka 7. Ku Sitandade 1 amakhala pansi, ndipo iye akakhala pansi kudzuka ndi nkhondo. Tinamupeza pabwalo akukonza galimoto ya mawaya. Mayi ake atamuitana kuti adzatipatse moni, ndinaona kadzukidwe kake. Anayamba wagwada, manja pansi. Kenako anatukula matako, miyendo atatalikitsa, n'kuika dzanja limodzi pabondo, linalo pabondo linzake, n'kumakwera ntchafu zake zomwe ngati akukwera mtengo, mpaka anaima, mimba ili patsogolo. Akatumba a miyendo onenepa ngati a wosewera mpira, koma mphamvu mulibe. M'maondo muli mphini zatsopano. A tcheya anangotembenukira kumunda wa nandolo. Mwana wawo ankadzuka chomwechi zaka khumi zapitazo.

M'buku munali molemba kale: Duchenne. Ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth anamuyeza magazi aja amati CK, n'kupeza kuti akwera kwambiri, monga zimakhalira minofu ikamawonongeka.

Bambo a mwanayo, mkamwini pamudzipo, anandifunsa pagulu, apongozi awo ali pomwepo: "Abambo, inu munapita kusukulu. Matendawa achokera kuti? Kuno akuti malume ena a chigayo ndiwo anamukhwimira."

Mtima wanga unali pa kumuyeretsa mwini chigayoyo. Ndinayamba ndi lamulo la 1911 loletsa kunenerana ufiti, kenako ndinakhuthula zonse zimene ndinawerenga. Kuti matendawa ali dziko lonse, kwa azungu komwe. Kuti amagwira mnyamata mmodzi mwa 3,500 mpaka 5,000 obadwa. Kuti dzinalo ndi la dokotala wa ku France amene anawafotokoza zaka za m'ma 1860. Kuti m'minofu mumasowa puloteni yotchedwa dystrophin, ndiye minofuyo imangotha pang'onopang'ono. Ndikanalekera pomwepo. Koma pakamwa panatentha, ndinapitiriza kunena kuti amadzera mwa mayi, mayiyo osadwala ayi, ndipo mwana wamwamuna aliyense amene mayi wotere angabereke, mpata wotengera ndi theka.

Panangoti zii. Agogo aakazi anayamba kupukuta m'maso ndi chitenje. Ndinadzamva pambuyo pake kuti mwana wawo wina, mlongo wake wa mayiyo, anasiya kuyenda ali mu Sitandade 4 ndipo anamwalira asanakwane zaka 20. Bambo uja anangoti, "Ohoo. Ndiye kuti n'zakwanu." Patatha masiku anayi ananyamula chikwama n'kubwerera kwawo.

Malume a chigayo ndinawayeretsadi, mlandu wonse n'kumusenzetsa mayi wa mwanayo, pamudzi pake pomwe, pamaso pa mbumba yake.

Pobwerera a tcheya sanandilankhule mpaka titatsika pa Chitakale. Ndiye anati: "A mlembi, zimene munanena zija n'zoona. Koma mwazinena ngati mukuwerenga makilo a tiyi. Amuna anga anachoka ndi mawu omwewo, ndipo amene anawauza anali atavala yunifomu."

A nesi atamva, anawonjezera chimene ndinasiya: pafupifupi mwana mmodzi mwa atatu odwala Duchenne, mayi ake amakhala alibe kanthu m'magazi, vutolo limangoyambira pa mwanayo. Ndipo ngakhale pamene zili zakumtundu, palibe mayi amene anasankha. Atiletsanso mawu oti majini, amene timawapeza m'mabuku a zaumoyo. Kumudzi munthu akamva majini saganiza za chibadwa, amaganiza za ziwanda zija amati amaweta anthu ofuna chuma.

Talemba m'maminitsi: funso loti matenda achokera kuti sitiyankha pa ulendo woyamba, sitiyankha pagulu, ndipo mwamuna sayankha yekha. Azimayi ayambe akhala ndi mayi wa mwanayo kuseri. A tcheya ndi a nesi apitako kawiri kukaonana ndi ankhoswe. Ine andiuza kuti ndiyambe ndakhala.

Febuluwale 2025

Mabanja olembedwa afika 19.

Thumba lathu ndi la K2,000 imene aliyense m'komiti amasonkha pamwezi, kuphatikizapo chopereka cha mipingo iwiri. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama imene inkaperekeza odwala awiri ku Blantyre ikuperekeza mmodzi, nayenso movutikira. Boma la America litaimitsa thandizo lake mwezi watha, anthu akumatifunsa ngati nafenso titseka. Akalipentala amawayankha kuti amene sanakwere galimoto satsitsidwa.

Mnyamata wina anabwera ndi nkhani ya pa Facebook, yoti kunja kuli jakisoni wobaya kamodzi kokha wothandiza ana olobodoka a matenda a SMA, aja obadwa nawo ofooketsa minofu, ndiye bwanji gulu lathu osamuitanitsa. Alipodi, dzina lake Zolgensma, ndipo pamene ankaloledwa ku America mu 2019 mtengo wake unali madola 2.1 miliyoni. Asungichuma anayesa kusintha ndalamayo m'makwacha, n'kungoika foni m'thumba.

Lachisanu pa 28 tinachita mwambo wa tsiku lokumbukira matenda osowa. Limakhala tsiku lomaliza la Febuluwale chaka chilichonse, ndipo linayamba pa 29 Febuluwale 2008, tsiku loti nalonso n'losowa. Ku Ulaya matenda amawatcha osowa akamagwira munthu wosaposa mmodzi mwa 2,000. Ife tinabwereka holo ya tchalitchi, ndipo tinaneneratu kuti kulibe alawansi, kuli thobwa basi. Tinkayembekeza mabenchi okhaokha. Anabwera anthu opitirira 30, pakati pawo alangizi a zaumoyo asanu ndi mmodzi.

Woyankhula anali asungichuma. Mtsikanayu anthu amamudziwa pa kabenchi kake ka Mpamba ndi Airtel Money, koma ambiri sankadziwa kuti zaka zitatu zapitazo ankatembenuzidwa pabedi ngati khanda. Anayamba ndi kutsegula m'mimba, n'kuchira. Patatha masabata awiri mapazi anachita dzanzi. Mawa lake khonde linamukanika kukwera, sabata isanathe manja nawo anafooka, kenako mpweya unayamba kuchepa. Ku Queens anamuuza kuti ndi Guillain-Barré: chitetezo cha m'thupi, mmalo molimbana ndi kachilombo, chimatembenukira mitsempha ya mwini wake. Kuyenda anakakuphunziranso ku Kachere, chipatala cha mafizo cha ku Blantyre, pakati pa zitsulo ziwiri zija, mafizo m'mawa ndi masana. Uthenga wake unali umodzi: kufooka kukamakwera kuchokera kumapazi m'masiku ochepa, musadikire Lolemba ndipo musadzere kwa sing'anga, chifukwa chimene chimapha ndi kupuma.

Azaumoyo anamva msanga. Chipezekereni poliyo ku Lilongwe mu Febuluwale 2022, anauzidwa kuti mwana aliyense wosakwana zaka 15 amene walobodoka mwadzidzidzi azimunena ndipo azitenga chimbudzi chake kawiri kuti chikayezedwe. Mayi mmodzi mwa iwo anaimika mkono: "Nanga zotsatira zikabwera kuti si poliyo, mwanayo akadali chigonere, timapita naye kuti? Ine kudera kwanga ndili nawo atatu." Panalibe amene anali ndi yankho lokwanira. Ndinangotsegula buku n'kuyamba kulemba.

Malichi 2025

Mvula ya namondwe wa Jude yatikhazika pansi sabata yathunthu. Itakata tinaperekeza odwala atatu ku Blantyre kudzera msewu wa Midima, kunyamuka tambala woyamba. Mmodzi mwa iwo ndi akazi anga.

Sindinawatchulepo m'zolembazi, ndiye ndiwatchule. Amadwala myasthenia gravis. M'mawa mukawaona akusesa simungakhulupirire kuti amadwala. Ikamakwana 3 koloko zikope zimayamba kugwa, mawu amatulukira m'mphuno, nsima imawatopetsa nsagwada asanafike pakati pa mtanda. Zaka ziwiri zoyamba anthu oyandikana nafe ankati ndi ulesi, ena ankati amamwa mobisa. Uthenga wochoka ku mtsempha sufika bwino ku mnofu, ndiye mnofuwo ukagwira ntchito pang'ono umagonja. Akamwa pyridostigmine, pakapita kanthawi maso amatseguka, koma mphamvu yake ndi ya maola atatu kapena anayi, ndiye tsiku lathu timaliyendetsa ndi wotchi.

Tili m'minibasi ndinkauza a nesi kuti ine usiku uliwonse tikathamangira kuchipatala ndimakumbutsa achipatala za mankhwala amene amawonjezera kufookako: quinine, gentamicin, ciprofloxacin, ndi magnesium sulphate amene amabaya azimayi oyembekezera BP ikakwera. Anandiyang'ana. "Nanga tsiku limene akazi anu adwala inu muli kumaliro ku Phalombe, akakumbutse ndani?" Ndinasowa chonena. Miyezi inayi ndakhala ndikudandaula kuti gulu lili m'mutu mwa a tcheya, chonsecho moyo wa akazi anga uli m'mutu mwanga.

Tsopano a nesi alemba mayina a mankhwalawo ndi cholembera chofiira mkati mwa chikuto cha buku lawo la kuchipatala, ndi la odwala ena awiri a matenda omwewo. Sikuti wodwala azikana mankhwala, koma kuti wachipatala wa usiku, amene ali yekha ndi mzere wa anthu, aone asanasankhe chomubaya.

Epulo 2025

Mwezi wa mapepala. Kuti atilembetse ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu ku boma pakufunika malamulo oyendetsera gulu, maina a komiti ndi kalata ya amfumu. Malamulowo tatha Loweruka ziwiri tikukangana. Ine ndinkafuna kuti mpando uzikhala wa zaka ziwiri ndipo aliyense akhale ndi womutsatira. Onse anavomera, mpaka pamene tinafunsa kuti wotsatira a tcheya akhale ndani. Aliyense anayang'ana pansi. Si ulesi: akalipentala amadyetsa bambo awo ndi supuni katatu patsiku, a nesi ali ndi zaka 68 ndi zidzukulu zinayi. Tasiya mpata pamenepo.

Akalipentala amaliza mipando itatu ya pangodya ya ana osatha kukhala okha, ndi thabwa lokwerera njinga pakhonde lina ku Chisitu. Matabwa a kampando ka ku Nkando sanagulidwe.

Meyi 2025

Mwana wa a tcheya ali ndi zaka 17. Wayamba kudzuka mutu ukumupweteka, masana n'kumangosinza, ndipo akatsokomola makhololo satuluka. A nesi akuti ndi minofu yopumira imene yayamba kutopa, usiku mpweya woipa sutuluka wonse. Amagona atatsamira mitsamiro itatu, ndipo mayi ake amadzuka maola awiri aliwonse kumutembenuza kuti asachite zilonda.

Pamsonkhano wa mwezi uno anafika mochedwa. Anakhala pansi, n'kumasula mfundo ya pangodya ya chitenje, n'kutulutsa kafoni kaja. Anakaika patsogolo pa asungichuma.

"Mwanawe, batani la 5 limavuta, uzikanikiza ndi chikhadabo. Batire ukalichotsa mphira limagwa. Akaimba usiku uziyankha, munthu saimba usiku kuti akupatse moni."

Ankafuna kutula ndi mpando womwe koma tinakana. Mpando ukhale wawo, miyendo ikhale yathu.

Loweruka ziwiri zotsatira tinakhala pakhonde pawo, iwo akuyankhula, ine ndikulemba. Apa ndi pamene ndinaona kuti mizere yanga ya ukalaliki ndi yopapatiza. Mulibe polemba kuti pakhomo pakuti uyambe wapereka moni kwa agogo aamuna, apo ayi sakulola kuona wodwala. Mulibe polemba kuti mayi wakuti amati zonse zili bwino ngakhale ufa utatha, ndiye uziyang'ana kukhitchini ngati kukufuka utsi. Ndagula buku lina, banja lililonse tsamba lakelake. Mnyamatayo anali pa njinga yake pambali pathu, wailesi ili pamwendo akudikira masewero a Bullets, koma khutu lili kwa ife. Kawiri konse anawakonza mayi ake. "Ayi amayi, aja a ku Mimosa wodwala ndi wamkazi. Wamwamuna ndi wa ku Likhubula." Zaka zonsezi mafoni ankawamvera limodzi.

Juni 2025

Chiperoni chagwira, phiri silikuoneka masiku anayi tsopano. Nyengo ino ndi imene timaopa zifuwa kwa odwala ofooka minofu, ndiye asungichuma aimbira mabanja onse amene ali ndi foni kuti wodwala akangoyamba kubanika asagone naye pakhomo.

Kaundula wafika mabanja 31. Amene ali ndi dzina la matenda lolembedwa ndi adokotala ndi 14. Nambala 7 ikadali yopanda kanthu, ngakhale bambo aja anatipatsa nanazi tikudutsa. Anyamata a Duchenne m'buku lathu alimo anayi, m'boma limene kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 680,000. Amene anagwirapo ntchito ya manambala aona yekha kuti ena ali kuseri kwa minda ya tiyi, ndipo kumbali ya Luchenza sitinapondeko n'komwe. Kalata yotilembetsa sinatuluke. Wotsatira a tcheya sanapezeke, ngakhale tonse tikuona amene akugwira ntchitoyo.

Lachiwiri usiku kafoni kanalira cha m'ma 11 koloko. Mawu a mzimayi: "Amayi aja alipo?" Asungichuma akuti mtima unagunda, koma anafunsa mudzi, n'kutsegula zithunzi za buku pa foni yawo ina. "Ndinu a pafupi ndi mjigo wowonongeka uja? Mtsikana wathu watani?" Kumbali inayo kunakhala kaye chete, kenako mayiyo anayamba kufotokoza. Pofika 5 koloko m'mawa wakabaza wa chitenje uja anali pakhomo.

Bambo a mnyamata wa ku Nkando sanabwerere. Atumizako ndalama ya sopo kawiri kudzera pa foni ya ankhoswe. Kampando katha dzulo, akalipentala akapaka vanishi ndi kukhomera kachingwe konyamulira. A tcheya atumiza uthenga kuti Loweruka ndikhoza kupitako limodzi ndi a nesi, koma ntchito yanga ndi kunyamula mpando basi, pakamwa ndikatseke.